Woyandikana nawo munda akulowa m'malo mwanga, kodi ndi mlandu wa kupolisi?

Nambewe wa ku Mitundu:
Akuluakulu ndithandizeni. Bambo wina woyandikana naye munda wazula khonje wa m'malire, walima mizere 6 mbali yanga ndipo wadula mitengo iwiri ya mbawa. Anyakwawa anamuletsa koma sakumva. Ndikufuna akamangidwe chifukwa cholowa m'malo mwanga popanda chilolezo. Kodi lamulo limati chiyani, nanga kukhoti ndikanyamule umboni wanji?

Wa Malamulo ku Area 3:
Mayi Nambewe, choyamba dziwani kuti kungoponda m'munda mwa munthu si mlandu woti munthu nkumangidwa nawo. Mlandu umene mukunenawu uli pa gawo 314 la Penal Code, lamulo lofotokoza milandu ndi zilango zake, ndipo boma liyenera kutsimikiza zinthu zitatu. Malowo akhale kuti ali m'manja mwa wodandaula, munthuyo akhale kuti analowadi (kapena analowa mololedwa koma nkukana kutuluka), komanso akhale kuti analowa ndi cholinga chopalamula mlandu, choopseza kapena chosautsa amene ali pamalopo. Chimodzi chikasowa, mlandu wagwa.

Pamene milandu yambiri imafera ndi pa cholingapo. Palibe amene amaona za mumtima mwa mnzake, choncho majisitireti amayang'ana zimene munthuyo anachita ndi zimene analankhula. Kodi anabwera ndi chikwanje nkumaopseza? Analetsedwa pamaso pa anthu koma nkubwereranso? Anabwera usiku? Kuzula khonje wa m'malire kukuthandizani kwambiri, chifukwa wosokera njira sazula malire.

Koma yembekezani kuti bamboyo adzati "malowa ndi a malemu agogo anga". Gawo 8 la Penal Code lomwelo limateteza munthu amene wachita chinthu pa katundu akukhulupirira moona mtima kuti ndi wake, popanda cholinga chobera wina. Sikuti ayenera kukhala wolondola ayi. Ngati chikhulupiriro chakecho chili choona mtima, ngakhale atakhala kuti akulakwitsa, bwalo likhoza kumumasula. N'chifukwa chake apolisi akangomva kuti pali kulimbirana malire amati bwererani kwa mafumu. Ena amaona ngati ulesi, koma nthawi zambiri amakhala akudziwa kuti mlanduwo sukayenda.

Za mitengo ya mbawayo ndi nkhani ina. Kuwononga katundu wa munthu mwadala ndi mlandu pawokha, gawo 344, ndipo ngati matabwa kapena zipika anatenga, pabweranso mlandu wakuba.

Achimwene a ku Chinsapo:
Ine ndilankhulepo za umboni, poti ndi pamene anthu amataya mlandu wooneka wophweka. Pa mlandu wa kupolisi inu simukhala wozenga mlandu, mumakhala mboni yoyamba ya boma. Woyendetsa mlandu ndi wapolisi woimira boma. Gawo 187 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni, limaika mtolo wonse pa boma, ndipo gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati munthu ndi wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa. Pakatsala chikaiko chomveka, womasulidwa ndi iyeyo. Boma likamaliza mboni zake, majisitireti amaona kaye ngati pali mlandu woti munthuyo ayankhe, malinga ndi gawo 254 la Criminal Procedure and Evidence Code lomwe lija. Umboni ukaperewera amapita kwawo osatsegula nkomwe pakamwa.

Tsono lero lomwe, mvula isanafafanize, jambulani maenje amene munali khonje, zitsa za mbawa ndi mizere yatsopanoyo. Jambulani chapatali kuti chulu, mtsinje kapena njira zioneke, kenako chapafupi. Zithunzizo musazifufute mu foni imene mwajambulira, ndipo wojambulayo ndi amene akazipereke kubwalo, chifukwa adzafunsidwa kuti anajambula liti ndipo ali pati. Yezani zitsazo ndi tepi, mulembe tsiku ndi nthawi ya chochitika chilichonse m'kope. Pa mtengo wa zowonongeka, kalata ya mlangizi wa zankhalango kapena wa zaulimi imalemera kuposa nambala yongotchula pakamwa.

Mboni zikhale zoona ndi maso. Munthu wonena kuti "ndinamva kwa alamu anga kuti ndi iyeyo anadula" umboni wake sulandiridwa, ndi zamumva. Mwana wabusa amene anaona nkhwangwa ikugwira ntchito ndi wofunika kuposa akuluakulu asanu ongomva. Anyakwawa abwere adzanene okha kuti anamuletsa tsiku lakuti, pamaso pa akuti. Ndipo chonde musaphunzitse mboni zonena. Anthu atatu akamalankhula mawu ofanana ndendende ngati nyimbo ya kwaya, loya wa mbali inayo amawang'amba ndi mafunso awiri okha. Sitetimenti ya kupolisi muiwerenge, kapena akuwerengereni, musanasainire, chifukwa mukadzanena zosiyana nayo kubwalo adzati ndinu wabodza.

Wa Malamulo ku Area 3:
Ndiwonjezere pang'ono. Gawo 314 likunena za amene malo ali m'manja mwake, osati mwini wake weniweni. Wobwereka munda kapena wa lendi akhoza kudandaula, ndipo mwini nyumba amene wathyola chitseko cha wa lendi kuti amuopseze akhoza kuimbidwa mlandu pa nyumba yake yomwe. Ndiye Mayi Nambewe, onetsani kuti mbali imeneyo mwakhala mukulima ndinu: amene anakulimirani ganyu, amene anakuthandizani kukolola, amene anaona khonjeyo akubzalidwa.

Gogo Chisale:
Mwana wanga, ngakhale bamboyo atapezeka wolakwa, chigamulo cha mlandu wa kupolisi sichinena kuti munda ndi wa yani. Akatuluka mudzakumananso pa malire omwewo. Ngati ndi malo a makolo, nkhani ya malire iyambe kwa anyakwawa, ipite kwa agulupu mpaka kwa a T/A, ndipo paliponse pemphani kuti chigamulo chilembedwe, chidindidwe, chikhale ndi tsiku. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsanso mabwalo oweruza mikangano ya malo a makolo, amene wapampando wake ndi a T/A. Pepala lachidindo limenelo ndi limene limaphwanya mawu oti "ndimaganiza kuti ndi panga", chifukwa munthu amene waweruzidwa nkulowanso sangati sankadziwa.

Ngati malowo ali ndi lizi, tengani mapepala ake ndi mapu, muitane wopima malo apeze mabikoni, zizindikiro za m'malire. Mukatero mukhoza kumusumira nokha, kupempha chiletso choti asapondenso ndi chipukuta misozi cha mbawazo. Pa mlandu wosumirana chotere umboni wake ndi wopepukirapo, bwalo limangoona mbali imene nkhani yake ikumveka yoona kuposa inzake, ndipo za cholinga chosautsa zija simufunika kuzitsimikiza. Wosowa ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau. Chimanga chimene bamboyo wabzala m'mizere 6 ija musachizule, ndipo anyamata anu asapite kukamuthamangitsa ndi zibonga, mungapezeke woimbidwa mlandu ndinu.