Tingadziwe bwanji kuti buloko ya sukulu ndi yosamaladi chilengedwe?

Wa komiti ya sukulu:
Akuluakulu, tithandizeni nzeru. Masiku ano pulani iliyonse ya makalasi kapena labu imatchedwa "yosamala chilengedwe", ena mpaka amati nyumbayo izibwezeretsa zomwe malo anataya. Komiti ikamalandira makiyi iziyang'ana chiyani kwenikweni, kupatula penti yowala ndi sola ziwiri padenga?

Wa zomangamanga:
Bambo, tsiku lolandira makiyi simungadziwe zambiri. Nyumba imaoneka khalidwe lake ana akalowamo n'kudutsa chilimwe, dzinja ndi nyengo yozizira. N'chifukwa chake Living Building Challenge, ndondomeko yopereka satifiketi kwa nyumba zosamala chilengedwe, imadikira miyezi 12 yoyeza nyumba ikugwira ntchito, ndipo imafuna kuti magetsi opangidwa pamalopo afike 105 pa 100 ya omwe agwiritsidwa ntchito. Satifiketi ina ya EDGE, ya bungwe la IFC la pansi pa Banki ya Dziko Lonse, ndi yofewerapo: kuchepetsa ndi 20 pa 100 magetsi, madzi ndi kuwononga chilengedwe kobwera popanga zipangizo zomangira, poyerekeza ndi nyumba wamba.

Yambani ndi kutentha. Pezani ma data logger (timakina toyeza ndi kusunga kutentha) awiri, imodzi muiike m'kalasi pa msinkhu wa mutu wa mwana atakhala, ina panja pamthunzi. Zisiyeni Okutobala ndi Novembala yense. Ngati cha m'ma 2 koloko masana m'kati mukutentha kuposa panja, vuto ndi denga: malata opanda siling'i amawotcha ana pamutu ngati chiwaya. Ku Gando, ku Burkina Faso, katswiri wojambula mapulani a nyumba Francis Kéré anakweza malata pamwamba patali ndi siling'i ya njerwa zadothi pa sukulu yomwe inatha mu 2001, kuti mphepo izidutsa pakati n'kuchotsa kutentha kusanafike m'kalasi. Ameneyo ndiye analandira Pritzker, mphoto yaikulu ya ojambula mapulani a nyumba, mu 2022.

Onaninso komwe buloko yayang'ana. Makoma aatali a mawindo aloze kumpoto ndi kumwera, denga lituluke masentimita 60 kapena kuposa. Mawindo akumadzulo amalowetsa dzuwa lamadzulo, aphunzitsi n'kumatseka ndi makatoni, basi mpweya watha. Poyeza mpweya, panja CO2 (mpweya womwe timatulutsa popuma) imakhala cha m'ma 420 ppm (magawo 420 pa miliyoni). M'kalasi modzaza ikamapitirira 1,500 ndiye kuti mawindo ndi ochepa kapena ali mbali imodzi yokha. Kuwala kufike 300 lux (muyeso wa kuwala) pa desiki yakutali ndi windo, mababu ali chizimire.

Mmisiri wa njerwa:
Ndiwonjezereko pa khoma. Kuno ku Malawi malamulo a 2018 a bungwe loona zomangamanga la NCIC analetsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za mabungwe, ndiye funso loyamba ndi lakuti njerwa zachokera kuti. Koma dzina lakuti SSB (njerwa zosawotcha za dothi losakaniza ndi simenti) palokha si umboni. Dothi likhale lamchenga wambiri, osati makande a kudambo omwe amafufuma akanyowa n'kung'ambika akauma. Simenti ikhale 5 mpaka 8 pa 100. Chomwe chimapha ntchito kawirikawiri ndi kuumitsa: njerwa zizikhala zofundidwa ndi pulasitiki, zikuthiriridwa kwa sabata kapena awiri, ndipo zimangidwe patatha masiku 28. Zikaumira padzuwa simenti siigwira.

Tengani njerwa zisanu mwa zotsala, muzimize mu ndowa ya madzi maola 24. Ikafewa m'makona kapena kukandika ndi chikhadabo, khoma limenelo lidzadyeka m'munsi ndi madzi odontha padenga. Kwerani muonenso ngati matabwa a denga amangiriridwa ku ring beam (lamba wa konkire pamwamba pa khoma) ndi waya wokhuthala kapena hoop iron (lamba wachitsulo). Denga loti lisasuke ndi mphepo ngati ya Freddy mu 2023 n'kugulanso malata, nyumbayo siinapulumutse kanthu.

Wa komiti ya sukulu:
Zikomo. Nanga zakuti "kubwezeretsa" tingaziyeze bwanji?

Wa zamadzi ndi nthaka:
Tsatirani madzi a mvula, bambo. Milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 180 pamalo a mvula ya mamilimita 800 limapereka malita pafupifupi 115,000 pachaka, titachotsa 20 pa 100 yotayika. Thanki ya malita 5,000 imadzadza ndi mvula ya mamilimita 35 yokha. Ndiye funso lenileni n'lakuti osefukirawo akupita kuti. Akamathamangira pabwalo n'kukumba chigwembe kulowera m'minda ya anthu, sukuluyo ikuwononga ngakhale ili ndi thanki. Akamalowa m'dzenje la miyala lotalikira mamita asanu kuchokera ku maziko, kapena m'ngalande zotsata akalozera zobzalidwa vetiva, akubwerera pansi pomwe mjigo umamwa. Imani panja mvula yamkuntho ikugwa, muone nokha.

Ma gutter amatsekeka ndi masamba ndipo paipi yotayira madzi oyamba akuda imaiwalika. Lembani dzina la wosesa. Mitengo muziwerenga yomwe yapulumuka chilimwe chachiwiri, osati yomwe inabzalidwa pa mwambo.

Wa mu labu:
Labu ikhale ndi mita yakeyake ya magetsi, apo ayi mayunitsi ake amabisala mu bilu ya sukulu yonse. Gawani ma kWh (mayunitsi a magetsi) a chaka ndi kukula kwa chipinda, muziyerekeza chaka ndi chaka. Firiji imodzi yakale yozizira mpaka madigiri -80 imatha kudya ma kWh 20 patsiku. Kuiika pa -70, ngati zosungidwamo zikulola, kumachepetsa ndithu. Funsaninso komwe sinki ya mankhwala imathira, chifukwa isalumikizidwe ku dzenje lomwetsa madzi a mvula lija.