Ana a Nangondo: za ulendo wa kunyanja pa 15

Lolemba madzulo

Make Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Kwatsala masabata atatu kuti Tsiku la Anakubala lifike. Tinagwirizana K45,000 wamkulu aliyense, ana asukulu ayi. Amene apereka ndi ine, Bambo a Yamikani, Chisomo, ndi Make Chisomo theka. Enanu ndikudikira. Nambala ya Airtel Money ndi yomwe ija, a Mpamba tumizani kwa Tadala.

Make Chisomo: Theka linalo ndipereka ndikaona ena ayamba. Za chaka chatha sindizifunanso.

Bambo a Yamikani: Achemwali, zakale zisiyeni.

Make Chisomo: Sindinatchule munthu achimwene. Ndangoti ndalama patsogolo.

Bambo a Pemphero: Moni kumudzi. Yanga ibwera pa Mukuru Lachisanu, kuno ku Joni sitinalandire.

Make Chisomo: Lachisanu liti?

Tadala: Amayi aang'ono, ndilankhuleko za boti. Ndamuimbira bambo uja wa ku Chembe. Akuti tikafika ku Cape Maclear cha m'ma 9 atitenga pagombe pomwepo kupita ku chilumba cha Thumbi. Si patali, chilumbacho mumachiona muli pamchenga. Kumeneko tikasambira, atiotchera nsomba, tidya ndi mpunga kapena nsima, kenako tikaona nkhwazi, pobwerera tidzera ku Otter Point. Pofika 3 koloko tili kumtunda.

Make Yamikani: Zikumveka bwino ndithu. Koma boti limodzi tikwanamo tonse?

Tadala: Ndawerenga anthu 17 pamodzi ndi ana. Iye akuti tikwana, koma ine ndamuuza kuti akonze awiri.

Make Chisomo: Awiri. Ndipo ndinene lero lomwe, popanda ma life jacket amayi sakwera boti. Nyanja si mtsinje wa Linthipe.

Tadala: Akuti alipo.

Make Chisomo: Alipo angati? A ana alipo? Ajambule atumize tione. Ine ndanena.

Yamikani: Inu azakhali, mwera umavuta Juni ndi Julaye. Okutobala nyanja imakhala bata, makamaka m'mawa.

Make Chisomo: Iwe Yamikani unakwerapo boti kangati? Ndati ajambule.

Lachitatu

Atsibweni: Ana inu moni. Kuno mvula yayandikira ndipo munda wa mlongo wanga ulibe ngakhale thumba limodzi la feteleza. Ndalama mukusonkhazo sizingagule matumba? Madzi tingokawaona basi?

Bambo a Yamikani: Atsibweni anena zoona. Nanenso ndimaganiza zomwezo, ndimangoopa kuyamba.

Make Tadala: Atsibweni, za feteleza tinapatula kale, mwezi wamawa ine ndi achimwene tigula awiri, lachitatu tinati lichokera ku Joni. Za ulendowu sitinaziyambe ndife. Amayi anapempha okha pa Isitala, inu munalipo. Bambo ankapita ku Monkey Bay kukapikula usipa zaka zonse zija, ankawalonjeza kuti tsiku lina adzawatenga, mpaka anatisiya asanawatenge. Amayi ali ndi zaka 74, nyanja amangoionera patali akakwera galimoto pa Khwekhwerere. Sitingawauze kuti adikirenso.

Atsibweni: Ndamva mwanawe. Ine ndimangokumbutsa. Koma ine boti sindikwera, ndikakhala pamthunzi ndi katundu wanu.

Make Chisomo: Lachitatu lochokera ku Joni lija mulilembe penapake. Simenti ija tinalembanso.

Make Yamikani: Alamu, ana ali pagulu pano.

Make Chisomo: Adziwe.

Chisomo: Amama chonde. Ndili ndi nkhani ya umoyo ndisanalowe pantchito. Ku Cape Maclear kuli likodzo, makamaka pagombe la mudzi pamene anthu amachapa ndi kusamba. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya, timalowa pakhungu, simumva kalikonse. Ana asamangoviika pagombe la Chembe tsiku lonse, akasambire ku miyala ya kuchilumba, ngakhale kumenekonso sindingalonjeze kuti kulibiretu. Tikabwerako pakatha miyezi iwiri aliyense amene analowa m'madzi akayezetse kuchipatala, mankhwala ake ndi praziquantel, amapereka molingana ndi kulemera kwa munthu. Musagule n'kumwa mawa lake, sagwira tizilombo tikadali tating'ono.

Bambo a Yamikani: Ndiye tikulipira ndalama kukatenga matenda?

Chisomo: Ayi amalume, ndikungoti tidziwe. Amachizika. Agogo atenge mankhwala awo a BP ndi chipewa, dzuwa la Okutobala ku Mangochi silofanana ndi la ku Dedza. Madzi akumwa ambiri.

Make Chisomo: Ndi life jacket.

Pemphero: Kodi ng'ona kulibe?

Tadala: Ng'ona zimakonda m'mabango ndi kumene mitsinje imathira m'nyanja, monga cha ku Shire. Ku Thumbi ndi miyala yokhayokha, alendo amasambirako tsiku ndi tsiku. Koma tikamvera wa botiyo, akati apa ayi ndiye kuti ayi. Zimene ukaone ndi ng'azi zikuwothera dzuwa pamiyala, ndi anyani m'njira yolowera kupaki. Akatumbu nawo amaoneka ukachita mwayi.

Pemphero: Ine sinditha kusambira.

Tadala: Sipafunika kutha. Uvala jekete loyandamitsa lija, akubwereka magalasi ovala kumaso ndi kapaipi kopumira, ugona chafufumimba pamwamba pa madzi n'kumayang'ana pansi. Madzi ake ndi oyera, miyala imaoneka yonse. Ukafikisa kachidutswa ka buledi m'manja, nsomba zazing'ono zotchedwa mbuna zimabwera gulu mpaka kukujompha zala. Zabuluu, zachikasu, zamizeremizere. Titapita ndi sukulu anzanga ena anakana kutuluka m'madzi.

Bambo a Yamikani: Mbunazo zimadyedwa? Nditenge mbedza?

Tadala: Amalume ayi, mungatimangitse. Zilumba zimenezi zili mu Lake Malawi National Park, ndipo madzi ofika mamita 100 kuchokera pagombe ndi otetezedwa, saloleza kuwedza. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo zambiri sizipezeka kwina. Mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka aswe, tiana tikaopsedwa timathawira m'kamwa momwemo. Agogo ndikufuna akazione ndi maso awo.

Make Yamikani: Apongozi angavale magalasi amenewo?

Tadala: Ngakhale asavale, mbuna zimaoneka uli m'boti. Akhoza kukhala pamwala n'kuviika mapazi.

Bambo a Yamikani: Nanga nsomba yodyayo ichokera kuti ngati saloleza?

Tadala: Amagula kwa asodzi m'mawa, kampango kapena chambo, imene yapezeka. Chambo chadula masiku ano, akuti tikafuna chambo tiwonjezere.

Make Tadala: Palibe chowonjezera. Kampango ali bwino.

Lachisanu

Make Yamikani: Abale, kwa a mfumu kumudzi kwagwa zovuta, mlongo wawo uja amadwala. Mwambo ndi mawa.

Atsibweni: Zoona. Ine ndili pasiwa pano.

Bambo a Yamikani: Pepani. Chipepeso titumize kwa atsibweni, aliyense zimene angathe.

Make Chisomo: Mzimu wawo uuse mumtendere. Anali mnzawo wa amayi ku Mvano. Make Tadala musatenge pa ndalama za ulendo, izi n'zapadera.

Make Tadala: Sindisakaniza, kope lililonse ndi lake.

Pemphero: Amen.

Yamikani: Wina akudziwa kumene kuli petulo ku Lilongwe lero? Ndili pamzere kuyambira m'mawa.

Chisomo: Ku Zomba kunabwera dzulo.

Yamikani: Izi n'zimene zikundidetsa nkhawa. Ndiyamba kusunga m'zigubu sabata yamawa, koma ndalama ya mafuta ndiifuna msanga, osati pa 14 usiku.

Make Tadala: Ya mafuta ituluka anthu akamaliza kupereka. Lero ndi Lachisanu. Bambo a Pemphero?

Make Chisomo: Awerenga. Zizindikiro zabuluu zikuoneka.

Make Tadala: Pemphero, adadi ako alankhula nawe?

Pemphero: Akuti foni yawo ikuvuta.

Make Chisomo: Foni imavuta nthawi ya ndalama yokha?

Chisomo: Amama, Pemphero ndi mwana, musamufunse zimenezo. Pemphero iwe ukupita, usadandaule, malo ako alipo.

Bambo a Yamikani: Mng'ono wangayo ndilankhula naye ine pambali. Pagulu pano ayi.

Lamulungu

Yamikani: Za njira timalize. Ife a ku Lilongwe tinyamuka 4 koloko m'mawa, tidzera ku Dedza kutenga agogo ndi atsibweni, titsika pa Khwekhwerere mpaka Golomoti, kenako msewu wa ku Monkey Bay. Tisanafike Monkey Bay tikhotera kumanzere, ndi makilomita pafupifupi 18 kukafika ku Chembe. A ku Blantyre mudzera Zomba kutenga Chisomo, Liwonde, Mangochi. Tikumane pamphambano ya ku Cape Maclear.

Make Yamikani: Pa Khwekhwerere uyende pang'onopang'ono, apongozi amachita chizungulire m'makhotamo.

Make Chisomo: Ife a ku Ndirande tikwera minibasi ndi ndalama zathu, pamene ena mafuta akuchokera m'thumba la gulu. Izi zili bwino?

Yamikani: Azakhali galimoto ndi yanga, sindikulipiritsa munthu, ndipo ndikunyamula agogo.

Make Tadala: Achemwali, tinakambirana kuti thiransipoti yanu ichotsedwa pa theka latsalalo. Muwerenge uthenga wa pa 2.

Make Chisomo: Sindinauone. Chabwino. Koma zithunzi za ma life jacket sindinazione mpaka lero.

Tadala: Watumiza usiku, ndi izi. Akuluakulu 14, a ana 4.

Make Chisomo: Lachikasu ilo lamba wake waduka.

Tadala: Ndimuuza asinthe.

Make Chisomo: Amayi apatsidwe latsopano, ndiwamanga ndekha. Ndipo asatikweze madzulo mphepo itayamba.

Make Tadala: Chinanso, pachipata cha paki pali cholipira, Amalawi mtengo wathu ndi wotsika kusiyana ndi alendo akunja, choncho aliyense atenge chiphaso chaunzika. Tadala ufunse ngati mtengo wa boti ukuphatikiza zimenezo, tisakakangane pagombe anthu akuona.

Tadala: Ndifunsa. Ndikufunanso tikapeze mphindi zochepa tikaone manda a amishoni. Ali pafupi ndi njira ya ku Otter Point. Mishoni ya Livingstonia inayambira pomwepo mu 1875, a Robert Laws anali m'gulumo, koma malungo anawapha anzawo ndiye anasamukira ku Bandawe mu 1881. Dzina loti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone, potchula mnzake Thomas Maclear. Agogo ndi a CCAP, akakondwa.

Atsibweni: Kumandako ndiye ndipita nawo. Kumeneko n'kumtunda.

Make Yamikani: Nanga nkhwazi zija amaziitana bwanji? Ana akundifunsa.

Tadala: Wa boti amaimba likhweru, n'kuponya kansomba pamadzi. Nkhwazi imachoka mumtengo pachilumba, imatsika n'kukatola ndi zikhadabo pafupi ndi boti penipeni. Ndi mbalame yomwe ija ili pamwamba pa chidindo cha boma. Mafoni mukhale mwatchaja, zimachitika mwachangu.

Yamikani: Ndipo muwaike m'majumbo, madzi amathovukira m'boti.

Make Chisomo: Madzi amalowa m'boti?

Yamikani: Timadontho chabe azakhali.

Make Chisomo: Mwaona? N'chifukwa chake ndikunena.

Chisomo: Zitenje za Anakubala zili pati? Tinati tonse akazi tivale chofanana ndi agogo.

Make Yamikani: Ndagula kale ku Bwalo la Njobvu, zisanu ndi chimodzi. Cha apongozi ndapereka ine ngati mphatso, enanu mundibwezera K9,000 aliyense.

Make Tadala: Zikomo alamu. Zimenezo mulandire nokha, zisadutse kwa ine.

Lachiwiri

Bambo a Pemphero: Abale pepani kusowa. Ntchito inaima masabata awiri, bwana anatichepetsera masiku. Ndatumiza K30,000 pa Mukuru m'dzina la Make Tadala, yotsala kumapeto a mwezi pamodzi ndi ya feteleza. Pemphero apite m'malo mwanga. Mukafika kuchilumba mundiimbire pa video ndiwaone amayi ali m'boti.

Make Tadala: Ndalandira achimwene, zikomo. Mukanangonena poyamba, tikanamva.

Bambo a Yamikani: K15,000 yotsalayo ndayamba ndaikapo ine kuti boti lisadikire. Tidzawerengerana awiri.

Make Chisomo: Ndiye langa theka nditumiza masana ano. Kumapeto a mwezi tidzakumbutsana.

Tadala: Wa boti akufuna theka la ndalama pofika Lachisanu, akuti pa 15 anthu amadzaza kunyanja ndipo maboti amatha. Za pachipata akuti n'zapadera, sizili pa mtengo wake.

Make Tadala: Ndiye mpunga ndi zakumwa tinyamule tokha, iye angootcha nsomba, atichotsereko. Umuuze choncho. Amene sanaperekebe ndi Yamikani ndi Bambo a Chisomo.

Yamikani: Ine ndimayesa galimoto ndiye gawo langa.

Make Tadala: Sitinagwirizane choncho, koma tikambirana ndi adadi ako madzulo. Bambo a Chisomo akupita kapena ayi? Sanalembepo kanthu chiyambire.

Make Chisomo: Akuti ali pantchito tsiku limenelo. Muwachotse, tikhala 16.

Tadala: Ndiye maboti akhalabe awiri?

Make Chisomo: Awiri. Ndipo lachikasu lija asinthe, ajambulenso.