Chiliza cha bambo, ndiye za mowazo titani?

Achimwene (Nchalo): Mwaswera bwanji nonse. Chiliza cha bambo tivundukula Loweruka la sabata ya mawa ku Ngabu. Simenti ndalipira kale, kwatsala mbuzi 2, mpunga ndi mowa. Tumizani pa Mpamba kapena Airtel Money pofika Lachitatu

Nesi wathu (Blantyre): Achimwene mowawo uchotseni pa bajeti chonde

Amalume (Bangula): Iwe mwana, mwambo wopanda kachasu unauona kuti? Anthu akatinena kuti ndife aumbombo

Nesi wathu: Amalume ndikulemekezani koma bambo anapita ndi sitiroko ali ndi zaka 54 zokha, tonse tinaona mmawa uja pakamwa patapotoka dzanja lakumanja osagwira, BP anali nayo kalekale mankhwala ankangomwa mutu ukawawa basi, madzulo ali pa kachasu wa masau ndi fodya kukamwa. Ndiye tikawakumbukire ndi chomwe chinawathamangitsira kumanda?

Azakhali (Nsanje): Zoona mwanawe. Ine ndinali gadiyani masabata atatu, ndikudziwa ndine zomwe ndinaona

Amalume: Ine ndimamwa koma ndili bwinobwino, ndimapalasa njinga mpaka ku Marka

Nesi wathu: BP simva kuwawa amalume, ndi chifukwa chake imapha azibambo ooneka amphamvu. Ikamakhala 140/90 kapena kuposa ndiye yakwera. Mwezi watha ndinakuyezani ndekha inali 172/104. Mowa wambiri umakweza BP, umafooketsanso mtima, mukaonjeza fodya ndi mchere wa mu nsomba zouma zija mitsempha imatopa. Ndi kutentha kwa kwathu kuno mu Okutobala munthu kumwa kachasu dzuwa lili pamutu osamwako madzi, aaa ayi

Alamu (Johannesburg): 😂 amalume agwidwa. Ine ndituma ya mbuzi imodzi, ya mowa ayi

Amalume: Za ine pa gulu bwanji

Nesi wathu: Pepani, ndalakwa pamenepo. Koma mankhwala a BP aja, amlodipine, musasiye ngakhale mukumva bwino

Azakhali: Thobwa ndiphika ine, mapira ndili nawo. Mungonditumizira ya shuga ndi nkhuni

Achimwene: Chabwino mowa tachotsa, ofuna akagule ndi zawo kutali ndi manda. Achemwali bwerani ndi kamakina kanu, tonse opitirira zaka 40 tiyezedwe tisanadye, kuyambira ine

Nesi wathu: Ndibwera nako, mabatire mugule inu. Ndikwera minibasi yoyamba, pa Thabwa ndikuimbirani

Amalume: Mundiyeze pomaliza, kuseri kwa nyumba