Zigayo zinayi, foni imodzi: ndingasiye bwanji kumangothamangira zomwe zawonongeka?

Woyang'anira zigayo, Mponela

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndimayang'anira zigayo zinayi: ziwiri zamagetsi pa Mponela pano, chimodzi pa Madisi, china chadizilo kumudzi cha ku Ntchisi. Eni ake akufuna ndiwapatse pulani ya chaka chamawa, makamaka ngati tigule chokonola china kapena ayi. Koma tsiku limathera pafoni ndi panjinga yamoto: uku sefa yang'ambika, uku lamba waduka, uku mayunitsi atha anthu ali pamzere. Nthawi yokhala pansi n'kuganiza palibe. Ndiyambire pati?

Wowerengera ndalama, Lilongwe

A manijala, pulaniyo iyambe yadikira. Gulani kope, mujambule mizere isanu ndi umodzi: tsiku ndi nthawi, chigayo chiti, vuto lake, maola omwe chinaima, amene anakonza, ndipo mzere womaliza mulembe "eya" kapena "ayi" pa funso lakuti kodi zikanatheka inu kulibe. Foni iliyonse yolira ilowe m'kopemo kwa masabata atatu, ngakhale ya mnyamata wofunsa chenje.

Mukamaliza muwerenge. Mudzapeza kuti mavuto amene mumawaona ngati adzidzidzi ndi atatu kapena anayi omwewomwewo, amangosintha malo. Powasanja musatengere amene anakuwa kwambiri pafoni. Tengani maola omwe chigayo chinaima, muchulukitse ndi ndalama zomwe chimalowetsa pa ola. Mnyamata wochedwa mphindi 30 amapweteketsa mutu, koma mota imodzi ikapsa n'kukakhala masiku asanu kwa okulunga waya, yadya zoposa kuchedwa konse kwa mwezi wathunthu.

Makaniko wa zigayo, Kasungu

Mayi anena zoona, ndipo ndikhoza kukuuziranitu zomwe zidzatuluke m'kopemo: sefa, malamba, mabering'i ndi mota. Zinayi zonsezi zimachenjeza zisanafe.

Sefa sing'ambika yokha. Imang'ambidwa ndi mwala, msomali kapena kachitsulo kobwera ndi chimanga. Ikani maginito pakamwa pomwe chimanga chimatsikira, mnyamata aziwapukuta m'mawa ndi masana, ndipo chimanga chamiyala chizipetedwa chisanathiridwe. Mphale yonyowa, ija amayi amabwera nayo isanaume bwino atainyika, imamata timabowo ta sefa. Ufa ukasiya kutuluka mota imalemedwa n'kutentha. Mnyamata akhale ndi mphamvu yobweza mphale yotere osaimbira inu.

Mahamala, tizitsulo tomwe timaphwanya chimanga m'kati mwa chigayo, ali ndi ngodya zinayi. Ngodya ikabulungira mumatembenuza, koma mutembenuze onse tsiku limodzi, aliyense abwerere pamalo pake. Poika atsopano, yezani pasikelo kuti mizere yoyang'anana ilemere mofanana. Mukasakaniza akale ndi atsopano chigayo chimanjenjemera, ndipo kunjenjemerako n'kumene kumapha mabering'i. Ambiri amasintha bering'i katatu osadziwa kuti wolakwa ndi hamala.

Malamba nawonso asinthidwe onse pamodzi, a nambala imodzi. Watsopano pakati pa otanuka amasenza katundu yekha, saona mwezi. Kukunga kwake: ngati pakati pa mapule awiri, mawilo omwe lamba amazungulirapo, pali mita imodzi, lamba mukam'kanikiza pakati alowe pafupifupi mamilimita 16. Wolendewera amaterereka n'kununkha mphira, wokungika kwambiri amakoka shafiti. Girisi musadzaze mpaka kutulukira m'mbali, wochuluka amatenthetsa bering'i m'malo moiteteza.

Mota zambiri zimapsa fezi imodzi, kutanthauza imodzi mwa nthambo zitatu zobweretsa magetsi ku mota, ikachoka ziwiri zili moyo: imangolira "hmmm" mpaka waya kupserera. Phase failure relay, yomwe imazimitsa mota fezi ikachoka, ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kukulungitsa mota ya 22 kW. Onaninso kuti overload, yomwe imadula magetsi mota ikalemedwa, yatcheredwa molingana ndi ma amp olembedwa pachitsulo cha mota, chifukwa anyamata ena amaikweza dala kuti isamadule magetsi anthu ali pamzere.

Mkulu wa zigayo za kopaletivi, Mchinji

Achimwene, za makina amakaniko athana nazo. Ine ndikhudze mzere womaliza uja wa "eya" kapena "ayi". Anyamata amakuimbirani chilichonse chifukwa sanauzidwepo malire awo, ndiye kuimba n'kudziteteza. Lembani pepala limodzi, mumate pakhoma la chigayo chilichonse, nkhani zigawidwe patatu.

Zoti achite okha n'kungolemba m'buku: kusintha sefa, kukunga malamba, kubweza mphale yonyowa, kugula girisi. Zoti achite kenako atumize uthenga madzulo: kugula mayunitsi, kusinthana masiku ndi mnzawo. Zoti aimitse chigayo n'kuimba nthawi yomweyo: fungo la waya wopsa, phokoso lachilendo m'bering'i, munthu kuvulala, ndalama kusowa.

Pachigayo chilichonse musankhe kapitawo mmodzi, mum'siyire kathumba ka ndalama zokwanira sefa imodzi ndi girisi, risiti ikabwera mumabwezeramo. Sabata zoyamba adzaimbabe. Musawapatse yankho, afunseni kuti "pepala likuti chiyani?" Mukangoyankha kamodzi chifukwa chofulumira, pepala lija lasanduka chokongoletsa khoma.

Mwini chigayo, Dowa

Apa pokha ndikukana. Kusiyira mnyamata ndalama ndi mayunitsi n'kusungitsa mbuzi kwa fisi. Manijala akachepetsa kuzungulira, ndowa zina zimagayidwa osalembedwa. Kuthamanga kumene a manijala akudandaula n'kumene kukuteteza ndalama za eni ake.

Wowerengera ndalama, Lilongwe

Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, koma njinga yamoto sigwira wakuba, pakuti manijala akafika pa Madisi ku Ntchisi kulibe maso. Chogwira wakuba ndi mita. M'mawa uliwonse kapitawo ajambule mita ya magetsi pafoni n'kutumiza pa WhatsApp, madzulo chimodzimodzi, pamodzi ndi chiwerengero cha ndowa zogayidwa. Manijala akhale pachigayo chilichonse masiku awiri athunthu akuwerenga yekha kuti apeze muyezo: yuniti imodzi imagaya ndowa zingati. Mgaiwa, ufa woyera ndi kukonola aziyeze padera, sizidya magetsi mofanana. Chadizilo muyeze ndowa pa lita.

Tiyerekeze muyezo watuluka ndowa ziwiri pa yuniti. Tsiku lina mayunitsi 50 apita koma buku likuti ndowa 70. Zifukwa n'zitatu basi: ndowa 30 sizinalembedwe, mahamala abuntha ndiye akugaya mochedwa, kapena mota imasiyidwa ikuzungulira yopanda kanthu podikira kasitomala. Nambala imodziyo yakuuzani kopita ndi choti mukaone. Ndalama za tsikulo zizitumizidwa madzulo pa Airtel Money kapena Mpamba, zisagone m'bokosi.

Makaniko wa zigayo, Kasungu

Ndiwonjezere za masipeya. Musamagule chinthu chitaduka kale. Werengani kuti mumagwiritsa zingati pa sabata m'nyengo yotanganidwa, muchulukitse ndi masabata omwe chimatenga kuti chifike, muwonjezepo chimodzi chapadera. Ngati zigayo zonse zimadya masefa awiri pa sabata ndipo ku Lilongwe mumapita kamodzi pa masabata awiri, akangotsala asanu itanitsani. Malamba seti imodzi pachigayo chilichonse, mabering'i awiri ndi seti ya mahamala zikhale ku Mponela, kiyi kwa inu. Nambala za malamba ndi mabering'i mulembe pachikuto cha kope, anthu amabwera ndi zosalowa chifukwa choyerekeza ndi maso.

Sevisi yaikulu ichitike mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, pamene nkhokwe zapepuka ndipo pachigayo pali zii. Kumasula chigayo mu Meyi kapena Juni, anthu atakolola, n'kutaya ndalama pamsewu.

Woyang'anira zigayo, Mponela

Zikomo nonse. Kope ndiyamba Lolemba. Nanga za chokonola chija, eni ake ndiwayankhe bwanji? Akufuna yankho mwezi uno.

Mkulu wa zigayo za kopaletivi, Mchinji

Auzeni tsiku lomwe mudzawayankhe ndi manambala amene mudzabwere nawo, osati "eya" wa lero. Pofika tsikulo mukhale ndi zinthu zitatu. Choyamba, anthu angati amabwerera kapena kupita kwina chifukwa chokonola chilipocho chadzaza. Kapitawo azingoika kamzere m'buku aliyense akabwerera. Chachiwiri, chokonola chilipocho chimaima maola angati pa sabata. Ngati ndi ambiri, vuto si kuchepa kwa makina, ndipo ndalamazo zipite kaye ku masipeya ndi relay. Chachitatu, madeya: matumba angati pa mwezi, ndipo oweta nkhumba, nkhuku ndi ng'ombe zamkaka akugula pa mtengo wanji, chifukwa nthawi zina phindu la chokonola limabisala m'madeyamo. Musanalonjeze, wamagetsi wovomerezeka aone ngati thiransifoma ndi mawaya apamalopo angasenze mota ina.

Nthawi yowerengera zonsezi muipatule: maola awiri m'mawa, tsiku limodzi pa sabata lomwe si la msika, foni ili kwa kapitawo wa pa Mponela, inu muli kutali ndi phokoso la chigayo.

Mwini chigayo, Dowa

Za mitazo ndazimva, mayi. Koma chithunzi chizionetsa nambala ya mita yomwe, ndipo chijambulidwe mkati mwa WhatsApp momwemo. Apo ayi mudzalandira cha dzana.