Mng'ono wanga akukana kubindikira, nditani abale?

Abale ndithandizeni nzeru, mutu wanga sukugwira. Mng'ono wanga anagona chipinda chimodzi ndi mnzake amene pano amupeza ndi chikuku, ndipo mng'ono wangayo sanabayidweko katemera wa chikuku ali mwana. Azaumoyo amuuza kuti akhale pakhomo mpaka masiku 21 koma wakana kwamtuwagalu, akuti sakudwala, thupi ndi lake, palibe angamutsekere m'nyumba ngati mkaidi.

Ndikumumvetsa ndithu, amadya akagwira ntchito tsiku limenelo ndiye masabata atatu osatuluka si zocheza. Koma chikuku munthu amayamba kupatsira anzake masiku 4 zidzolo zisanatuluke, kachilombo kake kamatha kukhala mumpweya mpaka maola awiri iye atachoka kale, nanga amene akwere nawo basi aja alakwa chani? Chikundiwawa kwambiri nchakuti ndili ndi khanda la miyezi 5, silinafike pobayitsa, ndipo tikukhala nyumba imodzi.

Amene munakumanapo nazo, munamunyengerera bwanji munthu wotere osakangana? Ndikakanena kwa azaumoyo kuti akutuluka ndiye kuti ndamugulitsa m'bale wanga? Kapena ndichoke ineyo ndi mwana kaye?