Thandizeni: seva imodzi, maadiresi awiri, ana akuona foda ya aphunzitsi

Wofunsa:
Moni nonse. Ndimayang'anira makompyuta pa sukulu ina ya sekondale yoti si ya boma kuno ku Zomba, cha ku Matawale. Tili ndi seva imodzi ya Ubuntu 24.04 yokhala ndi makadi awiri a netiweki. Loyamba likupita ku ofesi, adiresi yake ndi 192.168.1.10. Lachiwiri likupita ku Wi-Fi ya ana, 192.168.50.1, ndipo mafoni awo amadzera pa seva yomweyi potuluka pa intaneti.

Pa sevapo pali Nginx, pulogalamu ya webusaiti, ya manotsi ndi mapepala akale a MSCE, Samba yogawira mafoda pa netiweki, momwe aphunzitsi amasungamo mayeso a teremu asanalembedwe, MySQL yosungira kaundula wa fizi, komanso SSH yolowera mu seva uli pa kompyuta ina. Dzana mnyamata wa Folomu 3 anandionetsa pa foni yake foda ya aphunzitsi ili poyera. Sanalowe poti inapempha password, koma mtima sukukhazikika chifukwa mayeso ayandikira, ndipo aphunzitsi enawa password zawo ndi zosavuta kulota.

Ndikufuna ana aziona Nginx yokha, zina zonse zikhale za ku ofesi. Ndalemba listen 192.168.50.1:80 mu Nginx, zayenda, koma magetsi akazima n'kuyakanso imakana kudzuka, imati "Cannot assign requested address". Ndikaidzutsa pamanja imadzuka bwinobwino. Ndiyambire pati?

Wa ku Chinamwali:
Achimwene, yambani mwalemba sudo ss -tlnp muone. Paliponse pamene pali 0.0.0.0 kapena [::] ndiye kuti pulogalamuyo ikulandira aliyense, mbali zonse ziwiri. Samba ili pa port (khomo lolowera uthenga) 445 ndi 139, SSH pa 22, MySQL pa 3306. Mu smb.conf ikani interfaces = lo 192.168.1.10/24 komanso bind interfaces only = yes. Mzere wachiwiriwu musausiye, popanda iwo Samba ipitirirabe kulandira konsekonse. Mu sshd_config ndi ListenAddress 192.168.1.10.

Wofunsa:
Zikomo akulu. MySQL ikuonetsa 127.0.0.1:3306. Ndiisinthe?

Wa ku Chinamwali:
Ngati pulogalamu ya fizi ili pa seva yomweyo, isiyeni choncho, ili pabwino kale. Muisinthe pokhapokha ngati kompyuta ya a bursar imalumikiza ku MySQL mwachindunji, pamenepo bind-address ikhale 192.168.1.10.

Mayi wa ku Domasi:
Za SSH samalani, bambo. Pa 24.04 port 22 imagwiridwa ndi ssh.socket, ndiye mukasintha ListenAddress lembani systemctl daemon-reload kenako systemctl restart ssh.socket, apo ayi mudzaona ngati palibe chasintha. Ndipo chitani izi muli pamaso pa sevayo ndi kiyibodi, musadzitsekere kunja.

Za Nginx yokana kudzukazo, n'chifukwa choti ikufulumira kuposa khadi. Seva imayaka msanga pomwe switch kapena access point ya ana idakali kudzuka, ndiye adiresi 192.168.50.1 imakhala isanakhazikike. Nginx ikuifuna, siikuipeza, basi imagwa. Onetsetsani kuti adiresiyo mwailemba yokhazikika mu netplan, momwe Ubuntu imalembamo za netiweki. Kenako lembani systemctl edit nginx, pansi pa [Unit] muike After=network-online.target ndi Wants=network-online.target, pansi pa [Service] muike Restart=on-failure ndi RestartSec=5. Ikagwa iziyesanso yokha mpaka khadi litakonzeka. Ena amaika net.ipv4.ip_nonlocal_bind=1 mu sysctl, zimathekanso.

Wina wa ku Mpondabwino:
Bwanji osangogula seva yachiwiri?

Wofunsa:
Ndalama zake kulibe, akulu. Iyiyi tinachita kupempha.

Mkulu wa ku Blantyre:
Onse anena zoona, koma pali chimodzi chomwe chikundidetsa nkhawa. Mwanena kuti mafoni a ana amadzera pa sevayo potuluka pa intaneti. Ndiye kumangirira Samba pa 192.168.1.10 sikutseka khomo. Linux imaona maadiresi onse ngati a makina onsewo, osati a khadi limodzilimodzi. Mwana akalemba 192.168.1.10 pa foni, foniyo itumiza uthengawo kwa gateway, yemwe ndi seva yanu. Seva iona kuti adiresiyo ndi yake, ilandira, ngakhale uthengawo walowera khadi la ana. Foda isiya kuonekera yokha pamndandanda, inde, koma wodziwa adiresi afika. Ndipo ana a masiku ano kupeza adiresi si nkhani.

Choncho mukufunika firewall yoyang'ana khadi lomwe uthenga walowera. Onani mayina a makadi ndi ip a. Tinene kuti la ofesi ndi enp1s0, la ana enp2s0. Firewall ya Ubuntu ndi ufw. Lembani ufw default deny incoming, kenako ufw allow in on enp1s0, kenako ufw allow in on enp2s0 to any port 80 proto tcp. Ngati seva imagawanso maadiresi ndi kuyankha DNS (yomasulira mayina a mawebusaiti kukhala maadiresi), tsegulirani ana port 67 ya udp ndi 53. Musanayatse ufw ikaninso ufw route allow in on enp2s0 out on khadi lotulukira intaneti, apo ayi intaneti ya ana idzaima. Koma ngati lotulukiralo ndi enp1s0 lomwelo, yambani ndi ufw route deny in on enp2s0 to 192.168.1.0/24, lamulo loletsali likhale pamwamba, kuti asafike pa makompyuta a mu ofesi ndi pa printer.

Wofunsa:
Bambo, mwalasa. Ndamangirira Samba monga anenera a ku Chinamwali, kenako ndatenga foni yanga, ndalowa pa Wi-Fi ya ana, ndalemba 192.168.1.10, yandipempha password ngati kale. Intaneti imatulukiradi pa khadi la ofesi. Ndaika malamulo a ufw, loletsalo pamwamba, tsopano foni ikungozungulira osapeza kanthu, pomwe manotsi ndi intaneti zikutseguka. Mayi a ku Domasi, za Nginx ndazilemba, ndiyesa madzulo ana akaweruka, ndizimitsa switch ndi seva pamodzi. Funso lotsala: IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi, ndiitani?

Mkulu wa ku Blantyre:
Onani mu /etc/default/ufw kuti pali IPV6=yes. Zikatero malamulo a makadi aja akugwira pa IPv4 ndi IPv6 pomwe, kupatula loletsa lija la 192.168.1.0/24, lomwe ndi la IPv4 yokha. Ndipo auzeni aphunzitsi asinthe password zawo mayeso asanaikidwe mu foda.