Malikisi a masewera olimbitsa thupi mumapereka bwanji?

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa sitandade 6 kuno ku Angónia m'dziko la Mozambique, kufupi ndi tauni ya Ulongué, ndipo teremu ikutha. Kuthamanga ndi kudumpha ndimayesa bwinobwino, koma khalidwe la mwana ndiliike pati pa malikisi a 0 mpaka 20?

Ndili ndi mtsikana wina wosathamanga kwenikweni, koma sajomba. Amabwera wopanda nsapato, ndipo mnzake akagwa amayamba ndiye kukamudzutsa n'kumusasa fumbi. Palinso mnyamata waluso zedi pa mpira wathu wachikulunga, koma sapatsira anzake, amangowalalatira. Kumupatsa mnyamatayu 18, mtsikanayo n'kupeza 10, mtima wanga ukukana ndithu.

Inu mumagawa motani pakati pa luso ndi khalidwe? Nanga makolo akafunsa, mumawaonetsa chiyani cholembedwa?